Wezi Akudikirabe Minibasi ya ku Chipata

Tiwonge mwana wanga,

Wapita ku boma kukalukitsa tsitsi kuti anthu a ku Lusaka asadziwe msanga kuti ndiwe wa ku Mwase, ndiye ndapeza mpata wolemba. Pakamwa sindingathe. Ndikangoyamba kuyankhula umapinda manja n'kuyang'ana kudenga, ine n'kupsa mtima, mawu abwino onse amene ndinakonza n'kusanduka minga. Papepala sungandidule pakamwa.

Mawa ukupita kukaphunzira za matenda a maganizo a ana. Ndinakuyamikira kale ku tchalitchi pamaso pa anthu, sindibwereza. Chimene ndikulembera n'china. M'nyumba muno ukusiya Wezi, mwana wa malemu mkulu wako Taonga, amene mpaka lero akudziwa kuti mayi ake anapita ku Chipata. Mvula inagwa n'kutha, chimanga tinakolola, pamanda a mayi ake pamera udzu, koma iye akamva minibasi amathamangirabe kumsewu. Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa, mudzi wonse ukudziwa. Ngakhale anzake ena osewera nawo akudziwa, anangoopsezedwa kuti asanene. Ndiye iwe ukufuna kukwera basi kukaphunzira kuthandiza ana a eni. Usachoke nkhani imeneyi ili chomwechi. Zina zimene ndilembe pano ukhoza kuziiwala ukafika, koma iyi ayi.

Ndiyambe ndi za sukulu, poti ndizo zadzaza m'mutu mwako. Ukamalize. Kumene ukupitako ine ndinafikako iwe usanabadwe, ndili ndi mutu wakuthwa kuposa wako. Usakwiye, ndi zoona. Ndinkaphunzira za chisamaliro cha anthu, ndipo ndinali nditapita patali. Tsiku lina mphunzitsi wina wa tayi, wophunzira kunja, anatiuza kuti mwana amene sakuyang'ana m'maso poyankhula naye ndiye kuti ali ndi vuto kapena akubisa kanthu. Ndinaimirira n'kumufunsa ngati anakulira m'nyumba ya anthu kapena m'kati mwa buku. Ndinati, "Kwathu mwana woyang'ana wamkulu m'maso ndiye amene timati wasokonekera, bwana." Kalasi yonse inaseka. Iye sanaseke. Kuchokera pamenepo ndinasiya kuwerenga chilichonse chimene ankatipatsa, poti ndinali nditamuweruza kale kuti ndi mbuli. Mayeso ake ndinagwa. Anandiuza kuti ndibwereze phunzirolo, ine ndinati sindingakhale pansi kawiri kumvetsera munthu mmodzimodziyo. Ndinalongedza katundu n'kubwerera kuno, ndikuganiza kuti adzanditumira uthenga wondinyengerera. Mpaka lero ndikudikira. Pa nkhani ya maso ija ndinkanena zoona, ndipo ndikunenabe. Koma zoona zopanda pepala sizikhala pampando, mwana wanga, zimaimirira kumbuyo. Ena mwa amene anaseka tsiku lija ndiwo amabwera pa galimoto za maofesi kudzandiphunzitsa mmene ndingayankhulire ndi ana, n'kundisiyira sikipa yolembedwa kumsana. Ukakumana ndi mphunzitsi wopusa, umeze malovu, ulembe zimene akufuna, utenge pepala, ukamutsutse uli ndi ofesi yako. Ukamalize, wamva?

Ukudziwa ntchito imene ndakalamba nayo. Ndine mlangizi wodzipereka pa kachipatala ka kuno. Ndilibe chipinda, ndili ndi benchi kuseri kwa mosungira mankhwala. Ana amene amandipeza pamenepo sabwera atanena kuti maganizo awavuta. Amabwera ndi mutu wosamva mankhwala, m'mimba mosapezeka matenda, kukomoka pa asembule, kapena kungosiya kuyankhula. Nesi alibe nthawi yawo, ndipo sindimunena, poti pakhomo pake pali malungo, pali sikelo, pali mayi woyembekezera amene wayamba kumva kupweteka pa ngolo. Munthu amene anaphunziradi za matenda amenewa amakhala ku boma, ndipo kuno amafika njinga yamoto ikakhala ndi mafuta. Ena anatumizidwapo achinyamata onga iwe, a nkhope zowala. Wina anakhala nyengo imodzi ya fodya, lero ndikumva kuti akusambitsa nkhalamba za azungu kutsidya kwa nyanja. Wina anapempha kusamutsidwa asanadziwe n'komwe kumene timatunga madzi. Sindikuti ndi anthu oipa. Ndikuti udziwe kuti njira imene ukuyambayi ndinaona anthu akupita nayo, koma obwera nayo ndikuwayembekezabe.

M'malo mwa anthu, anatibweretsera tabuleti. Iwe unaikonda kuyambira tsiku loyamba, ndikukumbukira. Ili ndi pulogalamu imene imafunsa mwana mafunso ndi mawu a mayi wina wofatsa, mwana n'kumakhudza nkhope yoseka kapena yolira, eya kapena ayi. Pomaliza imaonetsa mtundu. Wobiriwira ndiye kuti mwana ali bwino, wofiira ndiye kuti alumikizidwe ndi dokotala wa ku Lusaka pa vidiyo. Unandiuza tikusenda mtedza kuti, "Amama, tsogolo ndi limeneli. Dokotala mmodzi azaona ana a maboma ambili ali pa mpando umodzi." Ndinakufunsa kuti nanga dokotalayo adzadziwa bwanji kuti mwana sanadye dzulo, iwe unati ndimangotsutsa chilichonse chatsopano. Mwina n'zoona. Ndiye ndikuuze zimene ndaona ndi maso anga, zabwino ndi zoipa zomwe, uweruze wekha.

Chabwino ndi ichi, ndipo ndikuchinena mano ali olumana. Kunali mtsikana wina wa giredi naini amene ndinakhala naye pabenchi kangapo osatulutsa kalikonse. Ndikati, "Uli uli?" iye, "Nili makola." Ndikati kunyumba kuli bwanji, "Kuli makola." Ukudziwa kuti mwana wa kuno akhoza kukhala ndi mkondo pamsana n'kuyankhabe kuti ali makola, ali bwino, poti anaphunzitsidwa kuti wamkulu salemetsedwa ndi madandaulo a mwana. Tsiku lina ndinamupatsa tabuleti, ine n'kupita kukathandiza kusikelo. Chimene anakana kundiuza ine anauza galasi lija, kuti watopa ndi moyo ndipo akuganiza zodzichotsa. Anauza makinawo chifukwa makina sapemphera ndi mayi ake, sakumana ndi aphunzitsi ake pamsika. Pamenepo ndinagonja. Koma tamva zimene zinatsatira. Uthenga unapita ku Lusaka, a ku Lusaka anaimba foni kuno dzuwa litapendeka, mtsikanayo atapita kale kwawo kuseri kwa dambo. Nesi anali m'chipinda chochirira. Ndani anavula nsapato n'kuwoloka matope? Ndani anakhala pakhonde la eni mpaka mayi ake anavomera kuti mwana akagone kwa agogo ake, kutali ndi chimene chinkamuzunza? Mtsikanayo alipo, ndipo ndimamuona akupalasa njinga kupita kuchigayo. Makina anamva, sindikana. Koma makina alibe miyendo.

Tsopano akutiuza kuti kukubwera pulogalamu ina yoti izichezanso ndi mwana, kumulangiza, kumutonthoza, pa foni iliyonse. Pamsonkhano wa ku boma mnyamata wina wa nsapato zoyera anatiuza mwaulemu kwambiri kuti ife alangizi a m'midzi ntchito yathu ipepuka, tizingoonetsetsa kuti matabuleti ali ndi moto ndiponso ana afika. Ndinamufunsa kuti, "Ndiye tasanduka osunga chaja?" Anzanga anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Ndinamufunsanso kuti foni imeneyo ndi ya yani, poti kuno foni ya pakhomo imakhala m'thumba la bambo, ndipo nthawi zina bamboyo ndiye chimene mwana akulira. Anati funso limenelo ndi labwino, akalipereka kwa akuluakulu. Anzanga ena asiya kale kubwera pabenchi. Munthu sangapitirize ntchito imene wauzidwa kuti chingwe cha magetsi chikhoza kuigwira. Mantha anga ndi awa, Tiwonge: kuti inu ophunzira mudzachepa n'kusonkhana m'tauni kutsogolo kwa magalasi, ife osaphunzira tidzatha ndi ukalamba ndi kunyozedwa, ndipo pakati padzatsala mwana yekha ndi foni ya bambo ake. Ukadzakhala m'chipinda chimene amagamula zinthu zimenezi, ndipo ndi pepala lako udzalowamo, udzafunse kuti makina akamva, adzayende ndani. Akakuseka, udzafunsenso.

Usadzanyoze wamkulu amene wabwera ndi mwana. Apa ndinagwapo ine, ndipo amene analipira si ine. Mayi wina anabwera ndi mwana wa mchemwali wake, mnyamata wamng'ono amene ankadzimenya mutu kukhoma akakwiya. Tabuleti inaonetsa zofiira, tinalumikiza vidiyo. Dokotala wa ku Lusaka, mtsikana wabwino ndithu, akafunsa mwanayo funso, mayiyo ankayankha. Akafunsa lina, mayiyo. Umu ndi mmene timachitira kuno, mwana sayankha mlendo wamkulu wake ali pompo. Netiweki nayo inkangoduka, nkhope ya dokotala n'kuuma kukamwa kuli yasa. Ine ndinatopa. Ndinati, "Amayi, odwala ndinu kapena mwana? Tatulukani, pakamwa panu pakutitsekera mphepo." Anatuluka. Mwana anayankhula pang'ono, ine n'kudziona katswiri. Tsiku limene tinapangana kuti abwerenso sanabwere. Ndinawatsata kwawo, mayiyo anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kunena kuti, "Yewo, mama, mwana tamupezera kwina kumene sathamangitsa anthu." Sanabwerenso. Mwana sabwera yekha kuchipatala, Tiwonge. Amabwera pa keriyala ya njinga ya munthu yemwe iwe ukumuona ngati chopinga. Ukamuchititsa manyazi munthuyo, wadula tcheni cha njingayo. Zimenezi pagalasi sizioneka, poti galasi limaonetsa nkhope imene ili kutsogolo kwake basi, osati amene waima pakhomo atanyamula chipewa.

Tsopano ndibwerere kwa Wezi, poti ndazungulira mokwanira.

Iwe unali ku Chipata kolemba mayeso pamene mkulu wako anadwala, ndipo unafika maliro ali m'kati. Sunaone mmene bodzali linayambira. Mmene mwambo ulili, ana aang'ono anawasamutsira kumudzi wina mpaka titaika. Atabwerako, ankhazi ake, a NyaZimba, mlongo wa bambo ake a Wezi, anatisonkhanitsa kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Mwana ngwithu, ndi wathu, malowolo tinapereka. Akhale kuno kwa agogo ake poti bambo ake ali ku migodi, koma za imfa asamve. Muzimuuza kuti mayi ake apita ku Chipata. Akakula azadziwa yekha." Bambo ako anangovomera ndi mutu, monga amachitira. Munthu uja akhoza kuona nyumba ikupsa n'kunena kuti tidikire akuluakulu abwere. Ine, wa pakamwa ine, amene ndinayankha mphunzitsi wa yunivesite, ndinali nditangoika mwana wanga m'dothi, ndipo mphamvu yokangana ndinalibe. Ndinati mawa. Mawa lija lakula mpaka lafika lero.

Ndipo ndinkadziwa kumene njira imeneyi imathera, poti ndinayendamo. Ine ndili wamng'ono anandiuza kuti bambo anga apita kukagwira ntchito ku Kabwe. Ndinkasunga nkhani zoti ndidzawauze akadzabwera. Ndinadzamva zoona pachitsime, tikulimbirana malo ndi mtsikana wina wamkulu. Nditamukankha, anati, "Choka apa, wamasiye iwe, bambo ako anaola kalekale kuseri kwa tchalitchi." Amayi onse amene anali pamenepo anangoti zii, ena n'kuyang'ana m'ndowa zawo. Chete ameneyo ndiye anandiuza kuti n'zoona. Sindinalire chifukwa cha bambo anga tsiku limenelo. Ndinalira chifukwa munthu aliyense amene ankandipatsa chakudya anali wabodza. Umadabwa kuti lilime langali ndinalitenga kuti. Ndinalinola pachitsime pamenepo.

Mwezi watha tinapita ndi tabuleti kusukulu ya Wezi kukayeza ana a makalasi aang'ono. Iye anafika pamzere, ine ndemwe ndinagwira makinawo. Mawu ofatsa aja anafunsa kuti, "Kodi kwanu kuli munthu amene anamwalira posachedwapa?" Wezi anakhudza ayi. Sanazengereze n'komwe. Anafunsidwa ngati amamvera akuluakulu, anakhudza eya. Ngati amamenyana ndi anzake, ayi. Pomaliza panatuluka zobiriwira, ndi kankhope koseka. Mwana ali bwino. Mwana amene wayambiranso kukodza pamphasa, amene amabisa chakudya m'thumba la yunifolomu, amene zikhadabo zake zatha ndi mano. Ndinafuna kuponya tabuletiyo pamwala, koma inalakwa chiyani? Inafunsa funso loyenera, mwana anayankha zoona zimene akudziwa. Ananama ndife. Ku Lusaka kuja dzina la Wezi lili pa ana opanda vuto, ndipo lidzakhala pamenepo ngakhale apange pulogalamu yanzeru kuposa anthu onse, chifukwa palibe makina amene angatulutse m'kamwa mwa mwana chinthu chimene mudzi wonse unagwirizana kuti asachidziwe. Amene angachidziwe ndi munthu amene anali pamaliro. Ukadzaona zobiriwira pagalasi lako, uzidzakumbukira kuti mwina pali agogo amene aima pambali atatseka pakamwa.

Dzulo iwe uli kotsanzika kwa abusa, Wezi anabwera pamene ndinkapeta. Anaima kaye nthawi yaitali, monga amachitira masiku ano, kudikira kuti ndimuone.

"Agogo, anti Tiwonge azapitila pa Chipata?"

Ndinati eya, basi ya ku Lusaka imadutsa pamenepo.

"Nipite nao. Nizangowaona amama, nibwela na minibasi ya m'madzulo. Sinizavuta."

Ndinati sukulu ndiye itani. Anakanda nthaka ndi chala cha kuphazi. Kenaka anati, "Ndiye anti akawauze kuti n'naleka kuvuta. Nimatunga madzi, nimatsuka mbale, sinikana kutumiwa. Akawauze kuti angabwele manje."

Lichero linandigwa m'manja. Tiwonge, ukukumbukira mmene mkulu wako ankamuopsezera mwanayu akakana kusamba? Ankati, "Ukavuta nizakusiya, nipite ku Chipata neka." Mawu amene mayi aliyense amanena akuseka. Ndiye ife, ndi nzeru zathu za kuseri kwa nkhokwe, pa malo onse a m'dziko muno tinasankha Chipata yemweyo. Mwanayu miyezi yonseyi akudziwa kuti mayi ake anamusiya chifukwa chovuta. Kufatsa konse kuja kumene anthu akumuyamikira, kudzuka m'mamawa kukasesa osatumidwa, kusapempha kanthu, si ulemu ayi. Akulipira mlandu. Akuganiza kuti akakhala mwana wabwino mokwanira, minibasi idzaima. Ndipo mawa iwe, munthu yekhayo amene amamuseketsa, amene amagona naye, ukwera galimoto ya ku Chipata yomweyo. Ukuganiza kuti adzati walakwanso chiyani?

M'mawa uno ndinapita kwa a NyaZimba. Ndinapita bwino, ndinavala chitenje chatsopano, ndinagwada pakhomo.

"Monire, ankhazi."

"Monire, a yunivesite. Mwatiyendera ndi phunziro lanji lero?"

Chipongwecho ndinachimeza. Ndinawafotokozera zonse, za mphasa, za chakudya, za mawu a dzulo. Anamvetsera akusankha nyemba. Pomaliza anati, "Inu mukuti mwana wadwala, ife tikuona mwana wafatsa. Kale anali ngati mbuzi ya m'chilimwe, lero onani. Ine amayi anga anamwalira ndikuyamwa, anandiuza ndili ndi mabere. Ndafa? Ndapenga?"

Ndinati, "Simunapenge, ankhazi, koma simunasekepo chibadwire."

Ndikudziwa, sindikanayenera. Nyemba zinasiyidwa. Anati, "Mwana yura ngwithu. Mukamuuza, mwatiphwanyira mawu, ndipo tizamutenga akakhale kwa bambo ake aang'ono. Muone ngati mabuku anu azakubwezerani." Sindikuwaona ngati mfiti, Tiwonge. Mayi aja anaika ana awo m'manda, ndipo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akumuteteza Wezi ku ululu umene iwo akuudziwa. Akhozadi kumutenga, ndipo bambo ako sadzatsegula pakamwa. Ndayenda njira yonse yobwerera ndikuyeza zimenezi. Mwanayu ndiye chokhacho chimene Taonga anandisiyira. Akachoka, nyumba ino idzakhala ya nkhalamba ziwiri zosayankhulana. Koma ndaona kuti kuli bwino amutenge akudziwa kuti mayi ake sanamuthawe, kusiyana n'kuti ndimusunge ine mpaka tsiku limene mwana wina adzamulavulira zoona pachitsime. Ndikamusunga ndi bodza, ndikusungira mtima wanga, osati wake.

Mwina ukuti, amama, bwanji osadikira ndikaphunzire kaye mmene amauzira mwana nkhani yotere? Ndikukudziwa, umakonda kuchita chinthu utawerenga kaye. Akakuphunzitsa, ndipo ukamvetsere bwino, poti pali zambiri zimene ine sindidziwa ndipo ndasiya kunamizira. Koma pamene uzidzabwera pa holide, Wezi adzakhala atadikira anthu awiri kumsewu kuja. Ndiponso usandiuze kuti uzimuimbira pa vidiyo. Uzimuimbira ndithu, tsiku ndi nthawi imene walonjeza, osaphonya, ngakhale ukhale ndi mayeso, chifukwa mwanayu sadzakhulupiriranso munthu wonena kuti ndibwera. Koma nkhani iyi si ya pagalasi. Mwana akamva kuti mayi ake anamwalira amafuna pogwera, ndipo foni ilibe chifuwa.

Za kubwerera kuno ukamaliza sindikulumbiritsa. Ndaona malumbiro ambiri akuthera pa bwalo la ndege. Ukadzasankha tauni kapena kunja, udzandiuze poyera, usadzandinamize kuti chaka chamawa. M'banja muno tanamizana zokwanira za anthu amene akubwera. Koma ukadzakhala kutali, ukadzakhala nkhope ya pagalasi imene ana a kuno azidzaona, udzamenyere nkhondo anthu a pabenchi. Udzawaphunzitse, udzawafunse maganizo, udzawatchule mayina. Akadzatha iwowo, iwe udzakhala dokotala wa mayankho, osati wa ana.

Tsopano ndikupemphe chinthu, ndipo ukudziwa kuti kupempha sindinazolowere. Zoti tinene ndikuzidziwa. Tinene mawu enieni, kuti anamwalira, osati anagona, osati anapita kwa Mulungu basi, poti angayambenso kudikira. Timuuze kuti anadwala, kuti madokotala anayesetsa, kuti sizinachitike chifukwa cha kusamba kapena mbale kapena chilichonse chimene iye anachita. Timuuze kuti tinamunamiza, ndipo tinalakwa ndife. Zonsezi ndikuzidziwa. Chimene ndilibe ndi kanenedwe. Pakamwa panga mawu amatuluka ngati nkhwangwa ngakhale ndikufuna kusisita. Iwe unatenga mawu ofewa a bambo ako, koma mwamwayi sunatenge mantha awo. Ndikukufuna pamenepo.

Ukawerenga kalatayi usabwere kudzakangana nane, ndipo usayambe kulongedza. Wezi akaweruka, umudyetse kaye, kenaka ubwere naye kumunda wa mtedza wa mayi ake, kumene kulibe anthu odutsa. Mukandipeza kumeneko. Mawu oyambawo ndinena ndine, kuti a NyaZimba akadzafunsa amene anaphwanya lamulo lawo, dzina lidzakhale langa. Ine anthu anazolowera kale kundida, mmodzi wowonjezera sandilemera, ngakhale atakhala Wezi yemwe. Iwe ntchito yako ndi kumugwira, ndi kukhala pamenepo akayamba kufunsa. Adzafunsa chinthu chimodzimodzi kambirimbiri, umuyankhe ulendo uliwonse ngati ndi koyamba. Akafuna kukaona pamene anagona mayi ake, tipita naye, anene amene anene.

Mafunso ake akapanda kutha pofika m'mawa, basi ipite. Lusaka sasamuka.

Ndine mayi ako,
NyaMtonga